Mpesa wa Eni, Khofi wa a Tata

De Doorns,
24 Julayi 2022

Okondedwa Anyina Gloria,

Mwaghona kumeneko? Ine kuno ndili bwino, kaya inu ndi mwana wathu Gloria, ndi apongozi anu a Tata. Musadabwe kuti ndalemba m'Chichewa, si kunyada ayi. Chisukwa chathu pakamwa chimathamanga, koma ndikagwira cholembera chimakana, poti kusukulu sanatiphunzitse kuchilemba. Za foni mukudziwa nokha, kwathu ku Misuku, kunsi kwa phiri la Mughese, mpaka munthu akwere phiri kuti amve mawu a mnzake. Choncho makalata ndizipatsira a galimoto zonyamula katundu, azikasiya ku Chitipa boma, inu muzitumako wanjinga yamoto.

Ndinafika. Za m'njira tidzakamba pamaso. Ku Joni kwenikweni ndinangodutsako. Kuno n'kumwera kwambiri, chigwa chachitali pakati pa mapiri a miyala. A Wallace Siyame a ku Chisenga aja, amene anandipezera malo, anandilandira ngati mng'ono wawo, ndipo tikugona chipinda chimodzi. Akalamba kuposa mmene ndinkaganizira, koma nthabwala ndiye sizikutha.

Anyina Gloria, munda wampesa ndauona. Mawu amenewa tinkangowamva kutchalitchi, ndipo ine m'mutu mwanga ndinkaona ngati nthochi zathu zija, mthunzi wokhawokha. Ndafika kuno ndapeza zitsa. Zitsa zakuda zokhotakhota, zomangirira pawaya, kuchoka pamsewu mpaka m'tsinde mwa phiri, popanda tsamba ngakhale limodzi. Ndinafunsa a Wallace kuti, "Kodi munda uno unapsa?" Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Ukugona uwu, mphwanga. Kuno mvula imagwa nthawi yozizira, zonse n'zotembenuka."

Ntchito yathu panopa ndi yodulira nthambi ndi sizasi. M'mawa zala zimauma ndi chisanu, choposa cha ku Misuku.

Eni dziko mundawu amautcha vingeti, ndipo malo onse pamodzi ndi pulazi. Koma kapitawo akamatituma satchula zimenezo. Amangoti buloko yakuti, n'kunena nambala. Minda yaikulu chonchi yopanda mayina, zikundivuta kuzolowera. Kwathu munthu ukati ndapita kudimba, aliyense amadziwa kuti ubwera ndi mpiru kumutu ndi matope m'miyendo. Ukati kumphanje, amadziwa kuti ubwera ndi matuza m'manja ndipo usafunsidwe zambiri. Kuno ukachoka buloko iyi kupita iyo, umangoona ngati sunasunthe.

Kumeneko khofi wapsa tsopano. Muzithyola wofiira yekhayekha, wobiriwira amatibwezera kumakina osendera kuja. A Tata asasenze thumba ngakhale akakamire chotani. Mng'ono wanga Welcome analonjeza kuti azithandiza, mukumbutseni mwaulemu. Gloria asajombe kusukulu chifukwa cha khofi.

Ndine mwamuna wanu,
Cuthbert Kayange

De Doorns,
16 Okutobala 2022

Okondedwa Anyina Gloria,

Kalata yanu inandipeza, ndagha chomene, ndathokoza kwambiri. Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndipo khofi anatuluka ndithu. Ine ndili bwino. Ndatumiza kangachepe, mugule feteleza msanga asanakwerenso, chotsala mugulire a Tata bulangete.

Zitsa zija zadzuka! Chigwa chonse chabiriwira, ndipo pamwamba pa waya masamba akumana, moti timagwira ntchito kunsi ngati tili m'chisakasa. Tsiku lonse manja ali m'mwamba kuchotsa mphukira zosafunika. Khosi limawawa, koma munthu amazolowera.

Lamulungu lapitali tinakhala panja ife a ku Malawi, tilipo angapo, n'kuyamba kukangana za minda. Bambo wina wa ku Nsanje anati akabwerera akalima thonje kumphala. Ife akumpoto tinaseka mpaka misozi. A Amosi Kaonga a ku Nthalire anafunsa kuti, "Thonje mukalima pamphala podyera amuna? Nanga anthu azikhala pati?" Iye anakwiya, akuti kwawo mphala ndi munda wakumtunda wodalira mvula, dimba ndiye la kumadzi. Pa dimba pokha m'pamene tonse tinagwirizana. Titafika pa nthumbira za chinangwa mkangano unayambiranso, wina akuti ndi nkhuti, wina akutchula za chilankhulo chake.

Kenako a Wallace anayamba za visoso, ndipo akumwera aja sanalidziwe liwulo. Anawafotokozera mmene ankakwerera mitengo kunsi kwa mapiri a Mafinga, kusadza nthambi, kuziunjika, kudikira ziume, kenako kutentha mvula ili pafupi n'kufesa mawere paphulusa. Akuti ali mnyamata anatsegula malo awoawo pafupi ndi chulu chachikulu, ndipo mawere ake anaphika mowa wa chipumu woti mudzi wonse unagona panja. Polankhula maso awo ankawala. Ndinawafunsa kuti anapitako liti komaliza. Anangoti, "Aa, kale," n'kulowa m'nyumba. Chifuwa chawo chimavuta masiku opopera mankhwala, koma salola kuti munthu anene.

Mwezi uno khofi wathu wachita maluwa, si choncho? Ndimatseka maso n'kumva fungo lake likutsika phiri m'mawa. Ndimakumbukanso kasupe wa kudimba kwathu, pamene ndinakupezani mukuthirira kabichi chaka chija, ine n'kunamizira kuti ndikufuna mbuzi yosochera. Munandiyankha kuti mbuzi za kwa Kayange zili ndi nzeru kuposa eni ake. Mukukumbuka? Madzi a pamenepo sindinawapezenso kwina kulikonse. A kuno amatuluka m'mapaipi akuda, kudontha pang'onopang'ono patsinde lililonse, opanda ndi phokoso lomwe.

Masabata awiriwa sitikupita kutauni. Akuti alendofe tikhale kaye pa pulazi mpaka zinthu zizizire. Si nkhani yaikulu, musawauze a Tata.

Dimba musalisiye. Mvula isanayambe mukonze ngalande ya pamwamba pa khofi, madzi angagumule mizere.

Wanu,
Cuthbert

De Doorns,
5 Febuluwale 2023

Anyina Gloria,

Moni nonse. Ine ndili bwino, kungoti dzuwa la kuno likuotcha ngati ku Karonga. Tikukolola. Mphesa zalendewera pamutu pathu, zina zakuda, zina zobiriwira, zina zofiirira, ndipo timadula tsango lililonse mosamala ngati dzira. Zimalowa m'mabokosi kupita kumayiko akutali. Zogwa pansi ndiye zathu. N'zotsekemera, koma ndikunena zoona, nthochi imodzi ya kuseri kwa nyumba yathu ndingaisinthe ndi dengu lonse.

Nkhani ya a Tata yandikhudza. Mwalemba kuti sakweranso kumunda wakumtunda, amangokhala pakhonde n'kumafunsa ngati mwapalira. Munthu amene ankafika kumeneko tambala asanatsike mumtengo! Mwachita bwino kupita nawo kuchipatala. Mankhwala akatha musadikire ine, gulitsani mbuzi yaikazi yokalamba ija.

Munda umene uja a Tata anaupanga ndi manja. Pamene ankayamba panali potsetsereka poti mbuzi yomwe inkaganiza kawiri. Anatema mphanje okha, kuzula zitsa, kukumba masitepe m'phiri, kusanja miyala. Mbande anakatenga kunazale wapansi, atasenza pamutu. Ankandiuza kuti mitengo ya mzere wapamwamba anabzala chaka chimene ndinabadwa, ndiye ndikalakwa ankati, "Anzako aja akubereka kale, iwe ukadali kusewera." Ine ndinkadana nayo mitengo imeneyo. Lero ndimailota.

Muuzeni Gloria akathyole kanthambi kamodzi kokhala ndi khofi wamuwisi, akawapatse agogo ake m'manja. Akakagwira adziwa okha mmene munda ulili, sadzavutikanso kufunsa.

Mwafunsa ngati ndingabwere. Anyina Gloria, mtima wanga uli kale panjira. Koma nthawi yokolola munthu akachoka malo ake amalowa wina tsiku lomwelo, ndiponso mapepala anga ali mwa mtundu woti ndikatuluka, kulowanso n'kovuta. Tikamaliza kukolola ndiona chochita. Muwauze a Tata kuti andidikire, ndikubwera ndi chipewa cha dzuwa chonga cha azungu a kuno.

A Wallace akupereka moni. Anagona masiku angapo, koma adzuka.

Cuthbert

De Doorns,
30 Epulo 2023

Okondedwa Anyina Gloria,

Ndikhulupirira mwayamba kupezako mphamvu, inu ndi Gloria. Ine ndilipo.

Ndachedwa kulemba chifukwa ndinkasowa poyambira. Welcome anandiimbira ndili pakati pa mizere, bokosi lili paphewa. Ndinalitula pansi, ndinamva zonse, ndinalinyamulanso. Ndinagwira ntchito mpaka kuweruka, sindikudziwa kuti bwanji. Lamulungu lake anzathu anabwera kuchipinda kwathu, tinayala mabulangete pansi, a Amosi anatsogolera nyimbo za Chitumbuka. Amenewo ndiwo maliro a a Tata amene ine ndinakhalapo. Chipewa ndinali nditagula kale. Chili pamsomali.

Inu ndi amene munawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza. Ntchito ya ine mwana wawo munaigwira ndinu. Ndilibe mawu okwanira. Ndagha, mwana wa kwa Msukwa, ndagha.

Tsopano za Welcome. Mwalemba kuti pamaso pa abale ananena kuti munda wa khofi usanduka tsala, poti mwini wake ali ku Joni ndipo mkazi yekha sangauthe, choncho aupatsidwe iye azule khofi abzale chimanga. Zandipweteka, koma sindikudabwa. Ana ake ndi ambiri ndipo malo ake ndi ochepa, zimenezo n'zoona. Komabe a Tata anatiyendetsa tonse awiri m'malire ali moyo. Kuchokera pamtengo wa mapeyala kukafika kungalande ndi kwanga, kutsidya kwa ngalande mpaka kumsewu ndi kwake. Iye akudziwa, ndipo amalume analipo.

Musakangane naye. Mukakumana mupatseni moni monga mwa masiku onse. Inu ingolimani, munthu aliyense wodutsa aziona kuti muli khasu m'mundamo. Ngati akufuna pobzala chimanga chaka chino, mubwerekeni chigawo cha kunsi kwa dimba, koma anene yekha pamaso pa amalume kuti wabwereka.

Kuno masamba a mpesa afiira, ayamba kuyoyoka. Anthu ambiri awauza kuti ntchito yatha mpaka chaka chamawa. Ine anditsalitsa kuti ndidzadulire nawo, a Wallace ndi amene anandilankhulira. Akuti chaka chino kubwera sizasi za batire, zongokhudza pang'ono nthambi n'kuduka yokha. Mwina mapewa apumako.

Pamanda mubzalepo maluwa ofiira aja a m'mphepete mwa bwalo.

Mwamuna wanu,
Cuthbert

De Doorns,
13 Ogasiti 2023

Anyina Gloria,

Moni. Musadabwe ndi zilembozi. Akulemba ndi a Amosi Kaonga, ine ndikungonena. Dzanja langa lavulala pang'ono kuntchito, lichira.

Ndamva kwa Welcome, osati kwa inu, kuti mwadula khofi wa a Tata. Akuti mizere yonse yakumtunda mwaidula m'mawondo ndi sowo, kwatsala zitsa, ndipo pakati pake mukufuna kubzala nyemba. Akuti anthu odutsa akuima n'kumaloza. Kodi n'zoona? Ndinakuuzani kuti muzilima, sindinati muzidula. Mitengo imeneyo ndi msinkhu wanga. A Tata sanathe ndi chaka chomwe m'manda. Welcome ankafuna kuzula, ine n'kumuletsa, lero mwamuthandiza ndinu? Ngati ndi alangizi anakuuzani, kodi alangiziwo analipo pamene a Tata ankasenza miyala?

Ine kuno ndikuvutika m'minda ya eni, ndikudzitonthoza kuti kwathu ndili ndi pobwerera. Tsopano ndidzabwerera ku chiyani?

Musakhudzenso mtengo wina uliwonse mpaka nditanena. Mwezi uno sinditumiza kanthu, zinthu sizili bwino.

Cuthbert

Mlamu, pano ndikulemba ndine Amosi, iwo atuluka panja. Ndalemba zonse monga ananenera poti ndi kalata yawo, koma musazitengere kumtima. Masiku ano sakugona bwino. Zina adzakuuzani okha. Muziwapempherera.

De Doorns,
19 Novembala 2023

Okondedwa Anyina Gloria,

Muli uli kumeneko? Gloria mayeso anayenda bwanji? Ine ndili bwinoko. Zilembo zokhotazi ndi zanga. Ndikuphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere, poti lamanja likuchedwa. Gloria asaseke, ndikudziwa kuti zikuoneka ngati nkhuku yapalasa.

Miyezi itatu munakhala chete, ndipo ndinayenera. Kenako kalata yanu yafika, yaifupi, ndipo ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mopinda. Mwati, "Mitengo mukuilirayo inasiya kubereka inu musanachoke, kungoti simunkafuna kuona. Kasupe mumamutchula m'makalata uja anakwiririka dothi litagumuka m'mvula yapitayi, timatunga kwina. Munda muli nawo m'mutumo ndi wokongola, koma ine ndikulima umene uli kuno."

Tsiku loyamba ndinakwiya. Lachiwiri ndinawawerengera a Wallace. Anamvetsera ali chigonere, kenako anati, "Mkazi ameneyu ukamutaya ndiwe chitsiru. Ine wanga ankandilembera zotere, ine n'kumayankha za mawere a kale. Anatopa." Aka kanali koyamba kutchula mkazi wawo.

Mundikhululukire. Ndinalankhula ngati mwini munda, chonsecho thukuta likugwera m'menemo ndi lanu. Mwati zitsa zonse zaphuka kupatula zochepa, ndipo mukusankha mphukira zamphamvu n'kuchotsa zina. Chitani monga mukuonera. Za kasupe bwanji simunandiuze kale? Kapena munaona kuti ndinkamufuna kwambiri kuno. Zoti Welcome sakukupatsani moni zisiyeni, ndidzalankhula naye ndekha.

Ine m'mizere sindikugwiramonso. Anandipatsa ntchito yotsegula ndi kutseka mipopi ya madzi, malipiro ake ndi ochepa, ndipo akuti ikatha miyezi ino aonanso.

Nkhani yaikulu ndi ya a Wallace. Anagonekedwa kuchipatala, anatuluka, koma madokotala anena kuti mapapo atopa ndipo palibenso chimene angachite. Kuyenda kuchoka pabedi kufika pakhomo amapuma kawiri. Lachisanu anandigwira malaya n'kunena kuti, "Mphwanga, anzathu ambiri ndawaperekeza kwawo ali m'bokosi. Ine ndikufuna ndipite ndikuona. Ndiperekeze." Ndinaganiza za malata a nyumba amene ndinakulonjezani, ndi sukulu ya Gloria. Koma munthu ameneyu anandigawira bulangete lake nditafika, ndipo masabata amene sindinkatha kudzimangira mabatani ankandimangira ndi iye. A Tata anandidikira osandiona. Uyu sindimusiya.

Anzathu asonkha yoyendera. Tinyamuka kumayambiriro a Disembala. Ndikawasiya kaye ku Chisenga kwa mlongo wawo, kenako ndibwera. Musayembekezere katundu wambiri.

Wanu nthawi zonse,
Cuthbert

Chisenga,
17 Disembala 2023

Anyina Gloria wanga,

Mwaghona? Onani pamwambapa pamene ndalemba. Ndili m'boma lathu lomwe lino, ndikupuma mpweya wakwathu. Kalatayi ndapatsira wanjinga yamoto amene akupita ku Misuku mawa. Ndili bwino, ndipo a Wallace ndafika nawo amoyo.

Ulendo unali wautali. M'basi ankagona paphewa panga, ine n'kumamvetsera ngati akupuma. Koma titadutsa Chitipa boma, mapiri a Mafinga ataonekera, munthu uja anakhala tsonga n'kuyamba kutchula mayina a mitsinje umodziumodzi, ina n'kulakwitsa, anthu m'galimoto n'kumawakonza akuseka.

Mlongo wawo ndi mayi Phyllis, wamasiye, wamkulu kwa iwo. Tinawapeza akubzala chimanga kuseri kwa nyumba. Anaima n'kutiyang'ana nthawi yaitali, mbewu zili m'manja. Kenako anati, "Wallace, wabwera mvula itagwa kale. Unali kuti nthawi yosadza?" Atatero anakhala pansi m'mizere momwemo n'kuyamba kulira.

Mmawa mwake a Wallace anakakamira kuti akaone malo awo a visoso aja. Tinawakweza panjinga yakapalasa, mdzukulu wa mayi Phyllis akukankha kutsogolo, ine ndikuwagwira kumbuyo. Ine m'njira ndinkaopa. Ndinkati tikapeza munthu wina akulimapo, kapena pamangidwa nyumba, ndipo mtima wawo suzipirira. Mbali zonse tinkadutsa minda ya chimanga yokhayokha, mitengo kulibe, poti anthu achuluka ndipo visoso ambiri anasiya.

Tinafika pachulu chija. Anyina Gloria, pakati pa minda yonseyo pali kankhalango. Mitengo ya misuku ndi mitondo yonenepa ngati ntchafu ya munthu, udzu wofika m'chiuno, mbalame zikulira. Palibe anakhudzapo. Mdzukulu uja, amene ndi bambo wa ana atatu ndipo malo akumuchepera, anati, "Agogo, anthu akhala akupempha thengo ili zaka zonsezi. Inenso ndinapempha." Mayi Phyllis anamudula mawu. Anati, "Ndinakuuza kale, usamati thengo. Thengo lilibe mwini. Ili ndi tsala. Munthu analimapo, ndipo mwini wake ali moyo. Ndi uyu."

Akuti chaka ndi chaka ankapita okha kukalambula m'malire kuti moto usalowe, ndiponso kuti anthu aziona kuti pali dzanja la munthu. Mchimwene wawo sankalemba, sankatumiza kanthu, ena ankati anafa kale. Iwo ankangoyankha kuti maliro sanawaone.

A Wallace anatsika panjinga, tinawakhazika patsinde pa chulu. Anafukula dothi ndi zala, lakuda bii, n'kulinunkhiza. Anati, "Yapuma mokwanira nthaka iyi. Chaka chamawa titeme." Patapita kanthawi anayang'ana mdzukulu uja n'kunena kuti, "Udzateme ndiwe. Koma chaka choyamba udzafese mawere, ndipo agogo akowa adzalawe chipumu chake asanalawe wina aliyense." Madzulo ake anadya bwino kuposa masiku onse amene ndawadziwa.

Ndikhala kuno mpaka Lachinayi. Mayi Phyllis atsala ndi chigawo chosabzala ndipo mvula sikudikira, ndiye ndikuwathandiza kuponya mbewu. Lachisanu ndifika.

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizungulira. Dzanja lija silikuchedwa kuchira ayi. Linachira kale, koma zala zitatu palibe. Sizasi ya batire ija inadula mmawa wina wozizira mu Julayi, ine osamva n'komwe mpaka nditaona magazi pawaya. Chatsala ndi chala chachikulu ndi chaching'ono. Kalata yaukali ija ndinanena nditangotuluka m'chipatala. Ndinkaopa kuti munthu wopanda zala, wopanda malata, wopandanso mitengo ya bambo ake, adzafika pakhomo ngati ndani.

Khasu ndayesa kuno. Likuterereka, koma ndikamanga mpini ndi nsalu likugwirika. Kuthyola khofi ndi lamanzere ndidzatha. Kusankha mphukira ndinaphunzira bwino kwa eni mpesa, koma za m'munda mwathu mudzandiuza ndinu poyambira, poti mwini wake wa masiku ano ndinu.

Ndidzatsikira pamphambano ya kusukulu dzuwa likupendeka. Gloria musamutume kudzandichingamira, ndipo musamuuze kaye. Mubwere nokha. Mudzalione inu poyamba, mudzalire ngati mukufuna kulira, kenako tidzakwere phiri limodzi kukamuonetsa mwana.

Ndine mwamuna wanu,
Cuthbert Kayange